Kumene phula lathera: choyamba kugula n'chiyani?

Mu Blantyre phula silichedwa kutha. Mukapitirira Chilomoni kulowera ku Michiru, mukakhota pa Mpemba kapena pa Lunzu kusiya msewu waukulu, mukakwera kuseri kwa Bangwe, posakhalitsa matayala ayamba kuponda katondo, miyala ndi mchenga. Ndiye ndikamanena za kukwera njinga yamoto m'njira zakutchire sindikunena za anyamata a masewera okha, aja amatuluka Loweruka m'mawa kukafuna zitunda. Ndikunenanso za mlangizi wa zaulimi amene makalabu ake ali kuseri kwa phiri, mlangizi wa zaumoyo wonyamula katemera, mphunzitsi wa sukulu yakumudzi, m'busa woyendera mipingo ingapo, ndi wakabaza amene kasitomala wamuuza kuti akatsikira kumtunda kwenikweni. Ine ndili pakati pa magulu awiriwa. Mkati mwa sabata njinga yanga ndi yantchito, pakutha pa sabata imanditengera kumapiri chifukwa chongokonda.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ndalama zimathera pa njinga, thupi n'kutsala. Munthu waika magetsi owonjezera, wailesi, hutala ya lole ndi zomatamata, koma kuphazi kuli mapatapata ndipo helemeti ikulendewera pa chiwongolero. Ndikudziwa mmene ndalama ikuvutira, makamaka chichokereni pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, pakuti pafupifupi chovala chilichonse cha njinga chimachokera kunja. Palibe amene angagule zonse tsiku limodzi. N'chifukwa chake m'pofunika kudziwa chogula poyamba, chotsatira, ndi chimene chingadikire chaka chamawa.

Kugwa kwa pafumbi n'kosiyana ndi kwa paphula, ndipo wosamvetsa kusiyanaku amagula zinthu zolakwika. Paphula munthu sagwa kawirikawiri, koma akagwa amakhala ali pa liwiro, amakhwekhwerezeka mtunda wautali, khungu n'kusupuka. Pafumbi kugwa n'kwa masiku onse, ngakhale kwa akatswiri. Mumagwa muli pa giya yoyamba kapena yachiwiri. Tayala lakutsogolo laterereka pa timiyala, phazi lakodwa m'ngalande yokumbidwa ndi madzi, chitsa chobisala mu udzu chakumenyani pa msongolo. Njinga zantchito monga Yamaha AG200 kapena Honda XL zimalemera makilogalamu opitirira 100, ndipo zikamagwa nthawi zambiri pansi pake pamakhala mwendo wa mwini wake. Chichokereni namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 njira zambiri za m'mapiri ozungulira mzindawu zinasinthiratu. Pamene panali dothi pano pali miyala yoonekera, pamene panali kangalande pali chigwembe. Chovala cha kuno chiyenera kulimbana ndi kumenyeka, kupsinjika ndi kupotokola.

Helemeti ndiyo yoyamba, ndipo apa sindikambirana ndi munthu. Malamulo a pamsewu a dziko lino amaifuna kwa woyendetsa ndi wokwera yemwe, koma ku Michiru kulibe wapolisi woti akuimitseni, kuli mwala basi. Kafukufuku wa bungwe la zaumoyo la Cochrane wa 2008, amene anasonkhanitsa zotsatira za ofufuza ambiri, anapeza kuti helemeti imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndipo cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti. Koma manambala amenewa ndi a helemeti yeniyeni, yokwana bwino, yomanga lamba. Chipewa cha amisiri omanga nyumba si helemeti ya njinga. Chinapangidwa kuti chiteteze ku chinthu chogwa kuchokera pamwamba, ndipo pangozi chimauluka mutu usanafike pansi.

Anthu ambiri amagogoda chigoba chakunja n'kunena kuti helemeti iyi ndi yolimba. Ntchito yaikulu sichitikira pamenepo. Chigoba chimangomwaza mphamvu ya kumenyekako ndi kuletsa chosongoka kuboola. Chopulumutsa ubongo chili mkati, kuseri kwa kansalu kofewa: chinthu choyera chopepuka, cha mtundu umodzi ndi chija amatchinjirizira wailesi yakanema m'katoni, koma chothinana kwambiri. Mutu ukamenya pansi icho chimaphwanyika, n'kupatsa ubongo kanthawi koti uime pang'onopang'ono m'malo moima mwadzidzidzi. Chikaphwanyika sichibwereranso. Helemeti imene yamenya pansi mwamphamvu muli mutu yagwira ntchito yake yonse, ngakhale kunja ikuwala. Pa chifukwa chimenechi sindigula helemeti pa kaunjika, kaya ikhale ya dzina lotani. Simungadziwe chimene inaona kumene yachokera, komanso opanga ambiri amalangiza kusintha helemeti ikagwira ntchito zaka pafupifupi zisanu.

Pozindikira yeniyeni, ine ndimayamba ndi lamba wa pachibwano. Helemeti yoyesedwa pa muyezo wa ku Ulaya wotchedwa ECE imakhala ndi kansalu kosokeredwa pa lambayo, kolembedwa E mkati mwa kabwalo pamodzi ndi nambala ya dziko limene linavomereza: E1 ndi Germany, E3 ndi Italy, E9 ndi Spain. Pambali pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06. Ya 06 ndiyo yatsopano, ndipo imayesanso kumenyeka kwa chambali kumene kumapotokola mutu, kumene kumavulaza ubongo kwambiri. Chilembo P chimasonyeza kuti mbali ya pachibwano inayesedwa ndipo imateteza, J ndi ya helemeti yotseguka kumaso. Chizindikiro cha DOT cha ku America nachonso ndi muyezo weniweni, koma kumeneko wopanga amadzitsimikizira yekha, ndipo chomata cha zilembo zitatuzo aliyense angachisindikize. Ndiye funyululani kansalu ka mkati muone ngati choyera chija chilipo, chokhuthala masentimita awiri kapena atatu. Mukapeza siponji yofewa yokha, ibwezeni. Helemeti imene mungaipinde m'mbali ndi manja anu, yopepuka modabwitsa, ibwezeninso.

Kukula kwake musakuyerekeze ndi maso. Bwerekani tepi ya telala muyese mutu pamwamba pa nsidze kuzungulira. Kwa opanga ambiri masentimita 55 mpaka 56 ndi S, 57 mpaka 58 ndi M, 59 mpaka 60 ndi L. Yatsopano iyenera kufinya masaya pang'ono, ndipo mukapukusa mutu iziyenda pamodzi ndi khungu. Mangani lamba, wina agwire kumbuyo akankhire kutsogolo. Ikavuka, si yanu. Ine ndimakonda lamba wa mphete ziwiri zachitsulo chifukwa matope ndi fumbi sizimulepheretsa kugwira. Ndipo ikhale yotseka chibwano. Ofufuza ngozi a ku Hannover ku Germany, motsogozedwa ndi Dietmar Otte, anapeza kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a malo omenyeka pa helemeti ndi pachibwano. Helemeti yakutchire ili ndi chibwano chotalika kuti muzipuma bwino mukamalimbana ndi chitunda, ndi kadenga kotchinga dzuwa ndi nthambi. Kadengako kamakoka mphepo mukathamanga paphula, choncho amene tsiku lake ndi theka phula theka fumbi angasankhe ya pakatikati, yokhala ndi kadenga komanso galasi lotsitsa.

Za helemeti anthu amavomera msanga. Mkangano umabuka pa nsapato, ndipo ndi pamene ndikufuna kukhalitsa.

Ndalama yachiwiri ipite ku jombo, jekete lisanagulidwe, magolovesi apamwamba asanagulidwe. Ndimamva mayankho atatu nthawi zonse. Wina amati ali ndi masefite a kuntchito. Masefite amateteza zala zakuphazi, koma amathera pa kakolo penipeni, pamalo pamene phazi limapotokera. Wina amati ali ndi magambutsi. Amenewo amateteza ku madzi ndi matope, koma ndi ofewa, amavuka phazi likakodwa, ndipo pa ekizozi yotentha amasungunuka. Wachitatu amati jombo za usilikali n'zokwana. Izo n'zabwinoko pa zitatuzi, koma zinasokedwa kuti munthu aziyenda mtunda wautali, kutanthauza kuti zimalola kakolo kupinda mbali zonse. Jombo ya njinga inapangidwa kuti ikane kupindako.

Iyeseni m'manja musanaivale. Gwirani chidendene ndi dzanja limodzi, kutsogolo ndi linalo, muipotokole mwamphamvu. Yabwino imakana. Iikeni pansi chammbali muiponde: ngati yaphwatalala, ndi mmenenso phazi lanu lidzaphwatalalire njinga ikadzaligonera. Ifike pafupi ndi bondo, ikhale ndi pulasitiki yolimba pa msongolo ndi pa akakolo mbali zonse ziwiri, ndi chikopa kapena labala mbali ya mkati yoyang'anana ndi injini. Muyezo wake ndi EN 13634, ndipo umalembedwa pa kansalu ka mkati mwa jomboyo. Onaninso kunsi kwake. Jombo za mpikisano wa m'bwalo zimakhala zosalala kunsi kuti phazi lizitsetsereka pokhota. Ife timatsika n'kukankha njinga powoloka Likhubula kapena Mudi, timaponda miyala ya ndere, ndiye timafuna za mano kunsi.

Tsiku lina la dzinja ndikutsika kanjira ka miyala kuseri kwa Michiru, tayala lakutsogolo linaterereka ndili pa liwiro la munthu woyenda pansi. Njinga inagwera kumanja, phazi langa lili pakati pa injini ndi mwala, ekizozi itatsamira pa katumba. Ndinakhala choncho mpaka bambo wina wochokera kumunda anabwera kudzandithandiza kuidzutsa. Atayang'ana mwendo anati, "Achimwene, imani kaye tione ngati ukuponda." Ndinaima, ndinaponda. Pulasitiki ya jombo inali itang'ambika ndipo mbali ina inali itapserera, koma ndinakwera njinga n'kubwerera kunyumba, Lolemba n'kupita kuntchito. Ndakhala ndikukaona anzanga kuchipatala cha Queens amene kugwa kwawo sikunali koposa kwangaku. Fupa la msongolo likathyoka limatenga miyezi itatu kapena kuposerapo kuti ligwirane, nthawi zina mpaka theka la chaka. Kwa wakabaza imeneyo ndi miyezi yopanda ndalama ya tsiku, lendi ikuyenda, fizi ikudikira, mwini njinga wapatsa kale munthu wina. Mtengo wa jombo, ngakhale uwawe bwanji, sufika pamenepo.

Masiku oyamba jombo zoterezi zimasowetsa mtendere. Simumva giya, buleki yakumbuyo mumaiponda mopitirira. Musazitaye. Pemphani makaniko akweze chopondera giya pang'ono, muyendeyende nazo pakhomo, ndipo pakatha masabata angapo phazi lizolowera. Uthenga wabwino ndi wakuti jombo mungazigule zakale popanda mantha. Mukazipeza pa kaunjika ku Limbe kapena kwa mnzanu wochokera ku Johannesburg, onani kuti zomangira zake zonse zikugwira, pulasitiki sinaume n'kuyamba kuthetheka, ndipo kunsi sikukumatuka. Za makampani a Alpinestars, Sidi kapena Gaerne zimakhala zaka zambiri, ndipo wosoka nsapato wa ku Ndirande akhoza kuzipatsa moyo wina. Ndinenenso za wokwera kumbuyo, makamaka amayi. Chipsera cha ekizozi pa katumba wakumanja chafala kwambiri mumzinda muno. Amene mumanyamula mkazi wanu kapena mchemwali wanu kupita kumudzi, muonetsetse kuti mwendo wake waphimbika ndipo wavala nsapato yotseka.

Pamwamba pa jombo pali bondo, ndipo bondo ndi limene limafika pansi poyamba nthawi zambiri. Zotchingira mawondo ndi zotsika mtengo poyerekeza ndi ntchito yake. Sankhani zazitali, zophimba bondo n'kutsika kulowa mkati mwa jombo, kuti pasakhale mpata pa msongolo. Muyezo wa zotchingira mawondo, zigongono ndi mapewa ndi EN 1621-1. Poyesa amagwetsera chitsulo pa chotchingiracho n'kuona mphamvu imene yadutsa, yowerengedwa mu kN: pa Level 1 isapitirire 35 kN, pa Level 2 isapitirire 20 kN. Nambala yochepa ndiyo yabwino, chifukwa ndi imene ikufika pa fupa lanu. Valani masokosi aatali mkati kuti malamba asakutupuleni. Pali zina zodula kwambiri, zokhala ndi mahinjesi m'mbali zoletsa bondo kupotoka. Izo n'za amene amathamanga ndi kudumpha, kapena amene bondo linavulalapo kale.

Magolovesi safuna mawu ambiri. Munthu akamagwa amatsogoza zikhatho, sangachitire mwina. Pezani olimba pachikhatho, otchinga mfundo za zala ku minga ya kankhande ndi mthethe, opyapyala mokwanira kuti muzimva kilatchi, omanga pamkono kuti asavuke. Ngati ndalama sinakwane, achikopa a m'sitolo ya zipangizo zomangira aposa manja opanda kanthu.

Maso ndiye timawaiwala. Amene anatsatapo lole ya mchenga kapena ya njerwa mu Seputembala akudziwa kuti fumbi limachititsa khungu kwa kanthawi, ndipo kanthawi kameneko n'kokwana kulowa m'dzenje. Magalasi adzuwa a pamsika satchinga fumbi la m'mbali, ndipo kamwala kakawamenya amasweka pafupi ndi diso. Magogolosi enieni ali ndi siponji yogwira nkhope ndi galasi la pulasitiki yosasweka wamba. Pogula tengani helemeti yanu muone ngati akulowa bwino. Galasi loyera ndilo lofunika poyamba, chifukwa chiperoni chikatsika ku Chigumula kapena ku Thyolo, kapena dzuwa likakuthawani muli kutali, lakuda silikuonetsani kanthu. Potsuka thirani madzi kaye. Mukapukuta fumbi louma mumakanda galasi.

Chifuwa ndi msana zimabwera pambuyo pa zonsezi, osati chifukwa n'zopanda ntchito, koma chifukwa thumba lili ndi malire. Chiwongolero chikakubayani m'nthiti mudzazifuna. Samalani ndi zapulasitiki zopyapyala zooneka zaukali: zambiri zinapangidwa kuti zitchinge timiyala totayidwa ndi tayala la mnzanu wakutsogolo, osati kugwa. Chotchingira msana chenicheni chili ndi EN 1621-2, ndipo pamenepo Level 1 ndi 18 kN, Level 2 ndi 9 kN. Chinthu china chosalira ndalama n'komwe: musaike masipanala, makiyi kapena botolo lolimba m'thumba la buluku kapena chogundana ndi msana m'chikwama. Pogwa zimenezo n'zimene zimalowa m'thupi. Zitsulo zimangiriridwe pa njinga. Chotchingira khosi, chija anayambitsa Dr Chris Leatt wa ku Cape Town, ndimachiika kumapeto kwenikweni. Ndi cha amipikisano kuposa cha mlangizi.

Tsopano kutentha, kumene kumagonjetsa zolinga zabwino zambiri. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, koma mukatsika mapiri a Thabwa kupita ku Chikwawa mumafika pa mamita pafupifupi 100, kumene mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Jekete lachikopa lakuda, lopangidwira nyengo ya ku Ulaya, mudzalivala kawiri, kachitatu mudzalisiya pa msomali, ndipo lili pa msomali silitchinga chigongono cha munthu. Ndi bwino kugula zotchingira zomangirira pathupi kapena zosokeredwa pa kansalu ka maukonde, pamwamba n'kuvala malaya opepuka a manja aatali, a mtundu wowala kuti oyendetsa maminibasi akuoneni mukabwerera paphula. Kukazizira mu Juni mumawonjezera juzi, mvula ikayamba mumavala chamvula pamwamba pa zonse. Madzi akumwa ndimawawerenga ngati chovala. Munthu wouma kukhosi amachedwa kuganiza, manja amafooka, ndipo kugwa kwambiri kumabwera madzulo pobwerera, mphamvu zitatha.

Pali chopinga china chimene sichili m'thumba. Mukavala zonsezi n'kuima pa Ginnery Corner, anthu amakuyang'anani, ena amafunsa ngati mukupita kunkhondo. Achinyamata ambiri amasiya jombo kunyumba poopa mawu amenewa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ofunsawo sadzakhala nanu pa chigwembe, ndipo ambiri a iwo mukawafotokozera modekha amayamba kufunsa mtengo.

Zovala zikachita mbali yake, otsala ndi anthu okuzungulirani. Mnzanu akagwa ndipo sakudzuka, musamuvule helemeti mokoka, pokhapokha ngati sakupuma bwino. Khosi likhoza kukhala litavulala. Mahelemeti ena atsopano ali ndi tizingwe tofiira pansi pa masaya tokokera masiponji kuti achipatala avule mosagwedeza mutu. Ndipo amene wamenya mutu n'kuyamba kusanza, kuwodzera kapena kufunsa funso limodzi mobwerezabwereza apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale iye akunena kuti ali bwino.

Mawu anga omaliza apite kwa akuluakulu a mabungwe, maofesi ndi mipingo amene amagulira antchito awo njinga. Ndaonapo njinga zatsopano zikuperekedwa pamwambo, iliyonse ndi helemeti imodzi, onse saizi imodzi, kaya mutu ndi waukulu kaya waung'ono. Jombo palibe, zotchingira mawondo palibe, ndipo wolandirayo ndi mayi amene mawa lake adzatsika nayo mtsetse wa miyala atavala nsapato za ku ofesi. Inu amene mumalemba bajeti, ikani zovala pa mzere umodzi ndi njingayo, poti pa mtengo wa njinga yatsopano zimenezi ndi kagawo kochepa. Yesani mitu ndi mapazi a antchito anu musanaitanitse katundu. Helemeti ikamenya pansi isinthidwe popanda kumuimba mlandu wogwayo, chifukwa akaopa kudulidwa malipiro adzabisa, n'kupitiriza kuvala yophwanyika mkati. Nanunso eni njinga za kabaza, amene mumalandira ndalama madzulo aliwonse, mnyamata wanu mugulireni helemeti yachiwiri ya kasitomala ndi nsapato zofika pamwamba pa kakolo, muzichotsa pang'onopang'ono pa ndalama ya sabata ngati simungathe kumupatsa ulere.